LUSO LA MANJA ATHU: Citini ca Buledi Cikhoza Kukhala Nyumba ya Ampulifaya

Mwezi uno tilowa m'khichini, koma osati kukaphika ai. Tifuna tione citini ca aluminiyamu, cija amai aphikiramo buledi, keke kapena masikono, ngati cingathe kugwira nchito ina: kukhala nyumba ya cokuzira mau cimene mwana wathu wadzipangira ndi manja ake.

Anyamata ndi atsikana ambiri m'maparishi mwathu ali ndi luso la mawaya. Amatola mawailesi akufa, nacotsamo tizipangizo tamoyo, nalumikiza ampulifaya yoimbira nyimbo za m'foni, kapena yokuzira mau a wowerenga m'kachalichi ka kumudzi. Cimene cimawasowa kawirikawiri ndi bokosi. Mabokosi acitsulo opangidwira nchito imeneyi amacokera kunja, sapezeka wamba, ndipo nthawi zina mtengo wake umaposa wa zonse zolowa m'kati mwake. Motero ampulifaya imangokhala pa katoni, mawaya ali yangayanga, kufikira tsiku limene kamwana kokwawa kadzakoka waya mmodzi, nchito ya mwezi wathunthu n'kuthera pomwepo.

Tinene msanga pamene pagona nkhani. Citini ca aluminiyamu ndi bokosi labwino ndithu ngati cipangizoco ciyendera batire. Koma tsiku limene magetsi a pakhoma alowa m'citinimo, cija cinali coteteza cikhoza kusanduka msampha wopha munthu. Tiyeni tiziyala zonsezi bwinobwino, kuti wopanga adziwe cocita, ndipo kholo lidziwe coyang'ana.

NZERU IMENEYI SI YACILENDO KWATHU

Ena angaseke poganiza kuti kuika wailesi m'ciwiya ca kukhichini ndi cizindikiro ca umphawi cabe. Awa afunse agogo ao. M'zaka za m'ma 1940, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia, mu Lusaka munali nyumba ya wailesi imene inadzadziwika ndi dzina lakuti Central African Broadcasting Station. Inali kuulutsa mau kwa anthu a kuno, a ku Nyasaland ndi a ku Southern Rhodesia m'zinenero zao, Cinyanja cikhala cimodzi mwa izo. Bvuto linali lakuti omvera anali owerengeka, pakuti mawailesi a nthawi imeneyo anali odula, ndipo ambiri anali kufuna magetsi amene m'midzi ndi m'makomboni munalibe.

Mkulu wa za zofalitsa nkhani m'boma la nthawiyo, Harry Franklin, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi yochipa yoyendera batire, kufikira a Ever Ready a ku Britain anabvomera. Mu 1949 wailesiyo inafika. Nyumba yake inali sefuliya ya aluminiyamu yopanda cogwirira, ya mainchesi 9 m'mimba mwake, yopakidwa utoto wa buluu, ndipo m'mabowo mwake anachingamo ndi sefa kuti tizilombo tisalowe. M'kati munali mavalavu 4. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire yake paundi imodzi ndi masheleni 5. Anaicha Saucepan Special. M'sefuliya imeneyi ndi mmene mabanja ambiri anamvera koyamba nkhani za dziko m'cinenero cao, pamodzi ndi mau ndi nyimbo za Alick Nkhata. Mbiri ya masiku amenewo inalembedwa ndi Peter Fraenkel m'buku lake la mu 1959 lochedwa Wayaleshi.

Kumaiko ena nakonso khichini ndi mawaya ndi abwenzi akale. M'zaka za m'ma 1920, okonda kudzipangira mawailesi ku America ndi ku Ulaya anali kukhomera tizipangizo tao pa thabwa lodulirapo buledi, ndipo dzina la thabwa limenelo, breadboard, likali kugwira nchito pakati pa amisiri a zamagetsi kufikira lero. Ngakhale tsopano, ena mwa odzipangira zoimbira kumeneko amagula citini ca keke, nacibvundikira pansi, naika zipangizo zazikulu pamsana pake ndi mawaya kunsi kwake. Amatero cifukwa citini cimachipa, cimapezeka paliponse, ndipo cikaonongeka poboola mtima suwawa kwambiri.

NCHITO ZINAI ZA BOKOSI

Amisiri amacha bokosi lotere chasisi, monga momwe acitira ndi mafupa acitsulo onyamula galimoto. Si cobvala cokongoletsa cabe. Lili ndi nchito zinai.

Yoyamba ndi kunyamula. Swichi, cotembenuzira mau, polowetsa maikolofoni ndi polumikiza sipika, zonsezi zimagwidwa ndi kukokedwa tsiku ndi tsiku. Zikamangidwa pa citsulo, mphamvu ya dzanja imathera pa citsulopo, osafika pa timawaya tanthete ta m'kati.

Yaciwiri ndi kuchinga phokoso. Mau ocokera m'maikolofoni amayenda m'waya ngati kamphamvu kocepa zedi, kosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a volti imodzi. Ampulifaya sidziwa kusankha: imakuza mauwo pamodzi ndi zinyalala zonse zimene wayayo watola mumpweya, zocokera ku mawaya a m'nyumba, ku mababu ena ndi ku mafoni a m'manja. Ndiko kumene kumacokera kung'ung'uza kuja kumene kumatopetsa makutu. Mu 1836, ku London, katswiri Michael Faraday anamanga cibokosi cacikulu cokutidwa ndi citsulo copyapyala, nacidzaza mphamvu ya magetsi kunja kwake, iye nalowa m'kati ndi zopimira zake. Anapeza kuti m'katimo munali bata. Citini cathu cimacita cimodzimodzi: zinyalala zambiri zimathera pakhungu lake, malinga citinico cikhale columikizidwa ku waya wa negetivu wa cipangizo.

Yacitatu ndi kukhala bwalo limodzi lokumanirapo mawaya obwerera. Magetsi sayenda ulendo wopita kokha. Ayenera kubwerera kumene acokera. Bokosi lacitsulo likamangidwa ku negetivu, zigawo zonse za cipangizo zimakhala ndi poyambira pamodzi.

Yacinai ndi kucotsa kutentha. Ampulifaya siisandutsa mau mphamvu yonse imene yalandira; ina imasanduka kutentha m'kacipangizo kakuda kaja ka miyendo kamene okonza mawailesi amakacha IC. Kutenthako kukasowa kopita, IC imapsa. Aluminiyamu imayendetsa kutentha mofulumira katatu kapena kanai kuposa citsulo wamba, pamene kulemera kwake ndi gawo limodzi cabe mwa magawo atatu a citsuloco. Cimene cimapsetsa buledi mofanana mbali zonse ndi comweconso cimene cimaziziritsa IC.

Tisaiwale kuyamikira kuti citsulo cotere cimapezeka m'khichini mwa munthu wamba. Kale aluminiyamu inali ya mtengo wapatali, cifukwa kuilekanitsa ndi miyala yake kunali kobvuta. Mu 1886, Charles Martin Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France, aliyense payekha, anapeza njira yoiyengera ndi magetsi, mtengo wake n'kugwa. Njira yao ndi imene ikali kugwira nchito m'mafakitale.

Pali cimodzi cimene aluminiyamu siitha, ndipo ndi bwino kucidziwa. Thiransifoma imatulutsa mphamvu ya maginito, ndipo mphamvu imeneyi imadutsa m'citini copyapyala mosabvuta. Mankhwala ake ndi mtunda: thiransifoma ikhale kutali ndi mawaya a maikolofoni, makamaka kunja kwa bokosi.

KUSANKHA CITINI

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Si citini ciriconse conyezimira cimene cili ca aluminiyamu. Popita kukagula, kaya ku Kamwala kapena ku Soweto mu Lusaka, kaya ku Kapata mu Chipata, nyamulani maginito ocokera ku sipika yakufa. Akamatirira, citinico ndi ca citsulo wamba: cingagwire nchito, koma ndi colimba poboola ndipo m'mabowo mudzacita dzimbiri. Akakana kumatirira, ndipo citinico ndi copepuka ndi cotuwa, mwapeza aluminiyamu. Yesani pakati pa citini, cifukwa zina zili ndi waya wacitsulo wopindiridwa m'milomo.

Cisakhale copyapyala kwambiri. Cigwireni m'makona awiri ndi kuyesa kucipotoza. Cikagonja ngati pepala, cisiyeni. Cocindikala pafupifupi milimita imodzi ndico cabwino. Timbale tija topyapyala togulitsiramo cakudya, timene timatayidwa munthu akatha kudya, sitingagwire bauti konse.

Penyaninso khungu lake. Zitini zina zimapakidwa mankhwala akuda kapena otuwa oletsa buledi kumatirira, ndipo mankhwala amenewa salola magetsi kudutsa. Citini cosapakidwa kanthu ndico cosabvuta. Ngati muli naco ndi copakidwa, muyenera kupala ndi sandipepa paliponse pamene waya adzagwira, kufikira citsulo ceniceni cioneke.

Kunena za maonekedwe, ca makona anai ciposa cozungulira, pakuti nati imakhala bwino pamalo osalala. Ca buledi, cozama ndi copapatiza, cimakwana ampulifaya yaing'ono. Ca keke, cotambalala, cimapatsa malo otalikitsa mawaya olowa ndi oturuka.

Ndipo apa tilankhule ndi acinyamata mosapsatira. Citini ca amai si canu. M'mabanja ambiri citini comweco ndico cimaphika masikono ogulitsa, amene amabweretsa ndalama ya sopo ndi makope a kusukulu. Pemphani cakale cimene iwo acitaya mtima, kapena sungani tindalama mugule canu. Citini cikabooledwa ndi kukhudzana ndi mtovu woocherera, cisabwererenso kuuvuni mpaka muyaya, cifukwa mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana aang'ono ndi amai apakati.

KUBOOLA NDI KUMANGA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagwire coboolera, yalani zipangizo zonse pa pepala lolingana ndi citini, ndi kulemba pamene ciriconse cidzakhala. Polowera mau pakhale mbali imodzi, poturukira kupita ku sipika ndi polowera batire pakhale mbali ina. Mukakhutira, matani pepalalo pa citini.

Pa bowo lirilonse yambani mwakhoma kadontho ndi msomali, kuti coboolera cisaterereke. Kunsi kwake ikani cidutswa ca thabwa cothina bwino, cifukwa aluminiyamu yopyapyala imabonyoka ndi kung'ambika ikasowa cotsamira. Citini cipanidwe kapena cigwidwe zolimba, pakuti coboolera cikakodwa, citini cimazungulira ndi kuceka zala. Yambani ndi bowo laling'ono la mamilimita 3, kenaka mulikuze pang'onopang'ono ndi tupa wozungulira, muli kuyesa cipangizo cimene cidzalowamo. Kadontho ka parafini pa coboolera kamaletsa aluminiyamu kumatirira kumano kwake. Tetezani maso anu ku tizidutswa touluka.

Mukatha, salazani milomo ya mabowo onse, ndipo tsukani citini ndi kuciumitsa. Kanyenyeswa kamodzi ka aluminiyamu kotsalira m'kati ndi kokwanira kugwirizanitsa miyendo iwiri ya IC ndi kuipsereza. Pamene waya adutsa pabowo, mubvekeni mphira. Kacidutswa ka chubu ca njinga kapena kapaipi kofewa kamakwana. Popanda mphira, mlomo wa bowo udzadya cikopa ca wayayo pang'onopang'ono kufikira mkuwa ukhudze citini.

Kathabwa konyamula tizipangizo kasagone pa citsulo. Dulani thupi la bolopeni yakutha m'tizidutswa ta sentimita imodzi, mulowetse mabauti m'menemo, kathabwako kakhale pamwamba ngati nkhokwe pa miyendo yake. Kunsi kwake yalani pulasitiki yolimba. Kukamwa kwa citini, kumene tsopano kwapenya pansi, tsekani ndi thileyi yosalala ya aluminiyamu kapena ndi thabwa, ndi kuikako timiyendo ta mphira. Boolani timabowo ta mpweya, koma kumbukirani nzeru ya wailesi ya sefuliya ija: chingani ndi sefa, cifukwa mphemvu zimakonda malo ofunda ndi amdima.

MTOVU SUGWIRA PA ALUMINIYAMU

Apa ndi pamene ambiri amatayira nthawi. Aluminiyamu ikangokumana ndi mpweya, imadzibveka kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso. Kakhungu kameneka ndi kamene kamaiteteza kuti isadyeke ngati citsulo, koma kamakananso mtovu. Kuonjezera apo, citini cimathawitsa kutentha kwa coocherera cisanasungunule kanthu. Mtovu umangokhala ngati dontho la madzi pa tsamba la koko, ndipo ngakhale uoneke ngati wagwira, mawa udzagwa.

Njira yake ndi ya bauti. Palani malowo kufikira anyezimire, ikani wasa wa mano amene amaluma citsulo, pamwamba pake kacitsulo ka bowo koochererapo waya, ndi kumanga nati zolimba. Kacitsulo kameneka mukakasowa m'sitolo, kaduleni ku citini ca mkaka kapena ca nsomba, ndi kukapala bwino. Citsulo ca zitini zimenezi cimagwira mtovu mosabvuta. Musamange waya wa mkuwa wosabvala mwacindunji pa aluminiyamu, pakuti pakafika cinyezi zitsulo ziwirizi zimadyana.

Bauti ameneyu akhale mmodzi. Mawaya onse obwerera akumane pamenepo, monga tinjira ta m'mudzi tikumana pacitsime. Wina akamangidwa uku, wina uko, mphamvu yaikulu yobwerera kucokera ku sipika imayenda m'citini ndi kusakanizika ndi kamphamvu ka maikolofoni, ampulifaya n'kuyamba kung'ung'uza kapena kuliza mluzu.

Tsono dziwani IC yanu, popeza si zonse zimene zingagone pa citini. LM386, ya miyendo 8, imayenda ndi mavolti 4 kufikira 12, ndipo mphamvu yake siifika pa wati imodzi. Siitentha kwenikweni, ndipo ndi yabwino kwa woyamba kuphunzira. TDA2003, ya miyendo 5, inapangidwira mawailesi a m'galimoto. Pa mavolti 14.4 imapereka mawati 6 ku sipika ya maomu 4, zokwanira cipinda cacikulu. Kamsana kake kacitsulo ndi kolumikizidwa kale ku negetivu, motero mukhoza kuimanga ndi bauti pa citini, citinico n'kumamwa kutentha kwake. Koma mbale wake TDA2030, akamayendera magetsi a mbali ziwiri, kamsana kake kamakhala ndi mphamvu yosiyana ndi ya citini. Ameneyu afuna kapepala ka mika pakati ndi kamphete ka pulasitiki pa bauti. Kufanana nkhope si kufanana mtima. Safunsa anadya phula: werengani nambala yolembedwa pa IC, ndipo funsani wodziwa musanamange.

Masiku ano m'masitolo muli timathabwa topangiratu, monga ta PAM8403 toyendera mavolti 5 ndi ta TPA3116 ta mphamvu yokulirapo. Timeneti sititentha kwambiri ndipo timasunga batire. Koma pa timeneti mawaya onse awiri opita ku sipika ndi amoyo. Palibe ndi mmodzi yemwe wololedwa kukhudza citini. Polumikizira sipika pakhale pa pulasitiki.

Cipangizo ca batire cikaimba kwa mphindi 15, ikani cala pa citini pafupi ndi IC. Ngati cala sicingapirire, citinico cacepa mphamvu. Onjezerani cidutswa cocindikala ca aluminiyamu ca zipsepse, cocotsa m'wailesi kapena m'kompyuta yakufa.

MALIRE A PAKATI PA LUSO NDI MALIRO

Tafika pa mau amene tikupempha kholo lirilonse ndi komiti iriyonse ya chalichi kuti awerenge kawiri.

Mavolti 12 a batire sagwira munthu wa khungu louma. Ngozi yake ndi moto. Batire ya galimoto ikhoza kutulutsa maampu mazanamazana nthawi imodzi waya wa pozitivu akakhudza citini; wayayo amafiira ngati khala, ndipo pansi pa denga la udzu zotsatira zake sitifunika kuzichula. Cifukwa cake ikani fyuzi ya maampu 2 kapena 3 pa waya wa pozitivu, pafupi ndi batire penipeni. Fyuzi ikapsa, funani cimene caipsereza. Musaimange ndi waya kapena ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Batire yotere ichajidwe pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi kandulo, cifukwa pochaja imatulutsa mpweya wophulika. Kucokera pa cilala ca mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, nyumba zoculuka zinapeza sola ndi batire. Motero kuyendetsa ampulifaya pa mavolti 12 si cinthu cobvutanso.

Magetsi a pakhoma ndi nkhani ina. Kuno kwathu ndi a mavolti 230. Mphamvu yopitirira mamiliampu 30 ikadutsa pacifuwa ikhoza kusokoneza kugunda kwa mtima, pamene babu lakale la mawati 60 limakoka yoposa imeneyo kasanu ndi katatu. Waya wamoyo akamasuka m'bokosi la thabwa, cipangizo cimangoleka kuimba. Akamasuka m'citini, citini conse cimakhala camoyo, osasintha maonekedwe, osanunkha, mwina nyimbo zili kuimbabe. Ndipo si citini cokha. Thupi lacitsulo la maikolofoni ndi lolumikizidwa ku citinico kudzera m'cingwe cake. Amene adzalandira magetsiwo si wopanga uja ai, koma mai wotsogolera nyimbo kapena mwana wowerenga, ataima cosabvala nsapato pa simenti yonyowa, maikolofoni ili pamlomo.

Amisiri ophunzira ali ndi malamulo a zimenezi. Cingwe cikhale ca mawaya atatu. Wa mizere yobiriwira ndi yacikasu, amene ndi waya wa ethi, amangidwe ku citsulo pa bauti wakewake, ndipo akhale wotalikirapo kuposa anzake, kuti cingwe cikakokedwa iye akhale wotsiriza kuduka. Fyuzi ndi swichi zikhale pa waya wamoyo, amene pa zingwe za lero ndi wa bulauni, pa zakale wofiira. Cingwe cipanidwe polowera kuti cisasololoke. Zikatero, waya wamoyo akakhudza citsulo mphamvu imathamangira pansi, fyuzi n'kupsa, munthu n'kupulumuka. Koma citetezo conseci cimadalira kuti soketi ya pakhoma ili ndi ethi yeniyeni, ndipo tonse tidziwa nyumba ndi timachalichi tambiri m'mene magetsi anangokokedwa ndi mawaya awiri kucokera kwa oyandikana nao. M'malo otere waya wacitatu uja sapita kulikonse.

Cifukwa cake uphungu wathu ndi wacidule: magetsi a pakhoma asalowe m'citini. Ngati mufuna kuimba popanda batire, gulani adaputa yabwino yotsekedwa kufakitale, yotulutsa mavolti 12, ndipo m'citini mulowe mavolti 12 okhawo. Mavolti 230 atsale kunja, m'bokosi lao la pulasitiki. Werengani zolembedwa pa adaputayo: chaja ya kompyuta ya m'manja kawirikawiri imatulutsa mavolti 19, amene TPA3116 imawalandira, koma TDA2003 malire ake ndi 18.

Za mavalavu nazo tinenepo, popeza acinyamata amaona zithunzi za maampulifaya okongola a mavalavu oyaka pamsana pa citini ca keke, mtima n'kudyokoka. Ambiri mwa amenewo amayendera mavolti 250 kapena kuposa, ndipo makapasita ake amasunga mphamvuyo ngakhale pulagi itazulidwa. Imeneyo ndi nchito ya munthu amene anaphunzira pansi pa mmisiri, osati yoyambira.

MAU KWA MAKOLO NDI ATSOGOLERI

Mwana akabwera ndi citini ca mabowo, coimba, musamuseke ndipo musamukalipire kuti waononga nthawi. M'mera mpoyamba. Amene lero walumikiza LM386 waphunzira kale kupima, kuwerenga cithunzi ca mawaya, kudekha ndi kufunafuna colakwa, ndipo amenewa ndiwo maziko a umisiri umene ungadzamudyetse. M'malo mwake mufunseni mafunso anai. Kodi cimeneci ciyendera mavolti angati? Fyuzi ili pati? Pali waya wocokera kukhoma amene walowa m'citinimu? Ndani wodziwa amene waciona? Akayankha kuti ndi ca batire kapena ca adaputa, nakuonetsani fyuzi, muyamikireni pamaso pa abale ake. Akayankha mozemba, zulani pulagi, mupite naye kwa mmisiri wa magetsi wa ziphaso. Muonetsetsenso kuti amaocherera pamalo opita mphepo, kutali ndi ana ndi cakudya, ndi kuti amasamba m'manja ndi sopo asanadye.

Kwa a komiti za chalichi ndi atsogoleri a miphakati, pempho ndi lomwelo. Cokuzira mau copangidwa ndi mwana wa pamudzi ndi cinthu conyaditsa, ndipo cikaonongeka wocikonza ali pafupi. Cilandireni. Koma cisanaperekedwe m'manja mwa owerenga ndi oimba, cipimidwe ndi wodziwa. Mutu umodzi susenza denga: pafupifupi m'parishi iriyonse muli wina amene anagwirapo nchito ya magetsi kumigodi, m'mafakitale kapena m'sitolo yokonza mawailesi, ndipo ambiri a iwo angakondwe kukhala ndi acinyamata Loweruka masana. Mwana amene waonetsa luso lenileni, mpingo ndi banja amuthandize kupeza malo m'sukulu ya umisiri yolembetsedwa ndi bungwe la TEVETA, kuti luso la pakhonde lisanduke nchito ya ciphaso.

Mwezi wa mawa tidzaona za bokosi la sipika: thabwa loyenera, kukula kwake, ndi cifukwa cimene sipika yoikidwa m'cidebe ca pulasitiki imalira mosiyana ndi yoikidwa mumtsuko wadothi. Pakali pano sungani maginito aja m'thumba, ndipo citini ca amai mucisiye pamalo pake kufikira iwo eni atabvomera.